Bowo Lachisanu

"Onjezerani limodzi, sisi."

Lwandiso ananena mawuwa asanavule n'chipewa choteteza mutu chomwe. Injini inali itangozima, matayala akununkha mphira wakupsa, iye ali chikhalire m'malamba ake, manja ali pachiwongolero ngati kuti galimoto ikanatha kumuthawa itaima. Zimasa, mlongo wake wamkulu, anawerama pawindo.

"Limodzi la chiyani?"

"Bowo. Kumbuyo kukupepukabe. Ndikangolowa mu kona ya Chikwakwa kukumayamba kuvina."

"Kukuvinako n'kumbuyo kwa galimoto kapena kwako?"

"Sisi!"

"Ndangofunsa."

Zimasa anaweramuka n'kupita kumbuyo kwa galimoto, kumene mlongo wakeyo sakanamuona nkhope. Linali Loweruka la mipikisano ya magalimoto ya kalabu, dzuwa lisanalimbe, mphepo ya kunyanja ikukupiza matenti amene anthu anandandalika kuseri kwa khoma la bwalo. Posachedwa ankayenera kuitanidwa kukathamanga ulendo wopezera malo oyambira. Mpikisano weniweni unali masana.

Phiko linali pamalo pake, pamwamba pa buti ya BMW yawo yakale yofiira, litaima pa miyendo iwiri yachitsulo imene Zimasa anadula yekha kugalaja kwawo ku Mdantsane. Phiko la ndege limanyamula. Ili n'lozondoka, ndiye limakanikiza matayala akumbuyo pansi. Ukalikweza m'mwamba limapeza mphepo yabwino imene denga silinaisokoneze, ukalipendeketsa limaluma mphepo kwambiri. Zokweza zinali zitatha kale. Lamulo la gulu lawo linkati phiko lisapitirire denga, ndipo dzulo lake woyendera magalimoto anagoneka thabwa padenga, n'kuona kuti pakati pa thabwalo ndi phiko pakungolowa chikhadabo, n'kumuyang'ana Zimasa nthawi yaitali asanamate kapepala kake pagalasi.

Chotsala chinali kupendeketsa. Mwendo uliwonse unali ndi mabowo asanu otsatizana, ndipo bawuti ikasuntha bowo limodzi phiko linkapendekera pang'ono. Anafika kuno ali pa bowo lachiwiri. Dzulo m'mawa Lwandiso anapempha lachitatu, madzulo lachinayi. Tsopano ankafuna lomaliza.

Bowo lachisanu Zimasa analiboola chifukwa choti pachitsulopo panatsala malo. Mwezi wathawo, tsiku loyeserera, anamata tizidutswa ta ulusi wolukira majuzi kunsi kwa phiko, n'kumangirira kamera kubuti, n'kuthamangitsa galimoto yekha pa bowo lililonse. Pa lachinayi tiulusi tonse tinkagona bwinobwino titaloza kumbuyo. Pa lachisanu tinkagonanso, koma galimoto ikangodumpha pakabampu kapena mphepo ikawomba cham'mbali, tinkadzuka tonse, kuzungulirazungulira, tina mpaka kuloza kutsogolo. Mphepo inali italisiya phiko. Ndipo phiko limene mphepo yalisiya ndi thabwa chabe: kukanikiza konse kumachoka nthawi imodzi, osatsanzika. Lwandiso anaonera kanemayo mpaka kumapeto n'kunena kuti ulusi suyendetsa galimoto.

Chikwakwa ndi kona yaitali ya kumapeto kwa msewu woongoka, yopindikira kumanja n'kutsetserekera kuseri kwa chulu cha mchenga. Ili ndi bampu pakati penipeni, ndipo mphepo ya kunyanja imalowera pomwepo. Olimba mtima amaidutsa osachotsa phazi pamoto. Lwandiso anali mmodzi wa iwo mpaka chaka chatha, pamene kumbuyo kunamuthawa pakati pa konayo, galimoto n'kugubuduzika mpaka kukagona pa matayala otchinga. Anathyoka fupa la paphewa ndi nthiti zingapo. Mafupa anachira msanga kuposa galimoto, galimoto inachira msanga kuposa phazi lake lamanja. Chibwerereni, akafika pakati pa Chikwakwa phazilo linkadzuka lokha. Ndipo galimoto ngati imeneyi ukaichotsera moto pakati pa kona, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, kumbuyo n'kupepuka. Kuvina kumene ankadandaula nako ankakuyambitsa yekha. Zimasa anamuuza zimenezi kamodzi, mwaulemu wonse, ndipo kwa masiku angapo Lwandiso ankalankhula naye kudzera mwa mkazi wake, ngakhale onse atatu ali m'chipinda chimodzi.

Ndiye kumukaniza kunali kumutumiza ku Chikwakwa ndi mantha ake onse, akudziwa kuti chimene wapempha sanapatsidwe. Kumuvomera kunali kumutumiza ndi thabwa.

"Wakupemphanso, eti?"

Anali Oom Barend, amalume a aliyense pabwalopo, a tenti yoyandikana nayo, atagwira foloko yotembenuzira soseji. Mabwalo otere anayamba kuwayenda Zimasa asanabadwe. Tsopano mawondo anali atawakana, ndiye ankangosamalira Golf yoyera ya mwana wawo Deon ndi kulowerera nkhani za eni.

"Akufuna lachisanu, Oom."

"Mupatse."

"Ulusi uja munauona inu."

"Ndati mupatse, sindinati uliike." Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu, fungo la utsi wa nyama lili pamalaya awo. "Masula mabawuti, gwedeza phiko amve galimoto ikunjenjemera, gwetsa sipanala pansi, tukwana pang'ono, kenako bwezera pomwe panali. Ukatero umuuze kuti wasintha. Oyendetsa onse ndi choncho, mwanawe. Samva phiko, amamva sipanala. Ine ndawachitira zimenezi anthu amene zikho zawadzadzira m'makabati, mpaka lero amandithokoza."

"Ndi bodza limenelo."

"Ndi ntchito. Dokotala akakuuza kuti jakisoni sapweteka umakamusumira?"

Chimkuzamawu chinakhosomola n'kuitana gulu lawo kuti likhale lokonzeka. M'matenti ena injini zinayamba kulira. Lwandiso anatulutsa dzanja pawindo n'kumenya chitseko kawiri ndi chikhatho.

"Sisi, nthawi!"

Zimasa anatola sipanala.

"Alamu, bwerani mundisungire manati."

Bulelwa, mkazi wa Lwandiso, anadzuka pabokosi la zakumwa pamene anakhala. Ntchito yake pa masiku otere inali kusunga tinthu timene timasowa nthawi yoipa: makiyi, magalasi, manati. Iye mwini ankati sadziwa dzina la chitsulo chilichonse cha m'galimoto. Koma anali namwino wa kuchipinda cha opaleshoni, wozolowera kuyang'anitsitsa chimene chatuluka ndi chimene chabwerera.

Zimasa anamasula mbali ya kumanzere, kenako ya kumanja, n'kuika manati m'dzanja la mlamu wake. Oom Barend anagwira phiko mbali ina ndipo analigwedeza mwamphamvu kuposa mmene kunkafunikira, galimoto yonse n'kugwedera. Zimasa sanafunike kuchita kugwetsa sipanala mwadala. Inapulumuka yokha m'manja mwake onyowa thukuta, n'kulira ngwee pasimenti. Anatukwana, ndipo nakonso sikunali kwa masewera. Analowetsa bawuti, anamanga, anapita mbali inayo, analowetsa, anamanga. Anayesa kukankha phiko ndi manja onse. Linali nganganga, monga mmene linalili kale.

Anabwerera pawindo.

"Ndathana nalo."

"Lachisanu?"

"Kodi lilipo lachisanu ndi chimodzi?"

Lwandiso anapumira m'mwamba, ndipo Zimasa anaona mapewa ake akutsika pansi pa malamba, mapewa amene anakhala ali m'makutu chiyambireni dzulo.

"Zikomo, sisi."

"Uyambe pang'onopang'ono. Ulimve kaye."

"Ndilimva."

Anatsitsa galasi la chipewa. Galimoto inatuluka mutenti, n'kulowa pamzere wa zinzake, phiko lake lakuda likunjenjemera pang'ono pamwamba pa utsi.

Onse atatu anapita pakhoma la m'mbali mwa msewu woongoka, pamene othandiza oyendetsa amaima. Bulelwa anadikira mpaka magalimoto onse atalowa m'bwalo.

"Alamu."

"Ee?"

"Bawuti ija mwaibwezera pomwe munaichotsa."

Zimasa sanatembenuke. "Mwaona bwino?"

"Mbali zonse ziwiri. Pamene utoto unakalika paphimbikanso."

"Lachisanu ndi loopsa, alamu. Lingathe kumusiya pakati pa kona."

"Ndiye simukanangowauza choncho?"

"Ndinamuuza mwezi watha. Munalipo."

Bulelwa anapukuta dzanja limene anasungira manati pa buluku lake. "Ndiye kuti akupita uko akuganiza kuti ali ndi chinthu chimene alibe."

"Akupita ndi chimene chikukwanira."

"Mukudziwa, kapena mukuganiza?"

Funso limenelo Zimasa anali atadzifunsa kale, sipanala idakali m'manja. Lachinayi linali lokwanira kwa munthu amene akuyendetsa monga ankayendetsera Lwandiso kale. Koma munthu amene wauzidwa kuti wapatsidwa zoonjezera amafuna kuzigwiritsa ntchito. Angalowe mochedwa, angakhote mwamphamvu, angadalire kumbuyo kupitirira pamene kungamusunge. Anatembenukira kwa mkulu uja.

"Oom, zimenezi zakhala zikugwira ntchito nthawi zonse?"

"Nthawi zonse." Anakanda chibwano ndi chogwirira cha foloko, imene anabwera nayo mpaka pakhoma. "Kupatula kamodzi."

"Kamodzi kameneko chinachitika n'chiyani?"

"Aa, zakalekale. Munthuyo anali wopusa kale."

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Amayenda mokoka mwendo, koma ndi kale lomwe sankayenda bwino."

"Ndiye mukundiuza pano?"

"Sunandifunse kutenti kuja."

Bulelwa anawayang'ana Oom Barend ndi maso amene ayenera kuti amayang'anira madokotala oiwala thonje m'mimba mwa munthu, ndipo mkuluyo anasendera chakutali pang'ono, kumene anapeza china chake choyenera kuchiyang'anitsitsa.

Ukaima pakhomapo Chikwakwa sichioneka. Magalimoto amadutsa pamaso pako, amachepa, amapendekera kumanja n'kusowa kuseri kwa chulu cha mchenga. Pakapita kanthawi amatulukira patali, pachitunda. Zimene zachitika pakatipo umazimva ndi makutu. Injini ikalira mawu amodzi mpaka kusowa, ndiye kuti phazi lili pansi. Mawu akagwa, munthu wachita mantha. Aliyense pakhomapo amadziwa mawu a galimoto yake, ndiponso a magalimoto a anzake, choncho mantha a munthu samabisika.

Ulendo woyamba unali wotenthetsa matayala. Wachiwiri galimoto yofiira inadutsa ikukuwa, inapendekera kumanja, inasowa, ndipo mawu ake anagwa, koma pang'ono chabe, ngati munthu womeza malovu ali pakati pa nyimbo.

"Wachotsa," anatero Oom Barend ali patali pawo paja. "Koma akubwera."

Zimasa sanadziwe chimene ankafuna. Theka la mtima wake linkati phazi likhale pansi. Theka lina linkati lidzuke, lidzuke ulendo uliwonse, amalize womaliza, apite kwawo akadye nyama ali ndi nthiti zake zonse. Anazindikira kuti wagwira khoma mpaka simenti yamulowa m'zikhadabo.

Ulendo wachitatu. Yofiira inatulukira pakona yomaliza, Golf yoyera ya Deon ili kumbuyo kwake chapatali. Inadutsa, mphepo yake n'kuwomba tsitsi la Bulelwa. Inachepa. Inapendekera kumanja. Mawu anakhala amodzi, amodzi, amodzi, galimoto n'kulowa kuseri kwa chulu akadali amodzi. Kenako mphepo ya kunyanja inawomba mwamphamvu n'kuwatenga onse.

"Sanachotse," anatero Oom Barend. "Mwamva? Sanachotse!"

Amayi awiri aja maso anali pachitunda. Panatulukira galimoto yabuluu imene inali patsogolo. Panatulukira ina yachikasu. Kenako panatulukira Golf yoyera.

Koma yoyera inalowa kuseri kwa chulu ili kumbuyo kwa yofiira.

Bulelwa anagwira mkono wa Zimasa pamwamba pa chigongono. Zimasa anayang'ana kwa munthu wa mbendera wa pachitunda, amene anaima manja ali m'thumba. Anayang'ana ambulansi imene imaima pachipata. Woyendetsa wake anali kudya kanthu kena m'pepala. Akanadziwa kale? Uthenga umatenga nthawi yotani kuchokera kuseri kwa chulu? Anayamba kuona bwinobwino mabowo aja, asanu mbali ino, asanu mbali iyo, ndi chala chake chikulowetsa bawuti, ndi mapewa aja akutsika. Anaganiza za amayi awo, amene ankakana kubwera kubwalo ndipo nthawi imeneyi anali pafupi ndi foni, akunamizira kusita.

Panatulukiranso ina yakuda. Inanso.

Kenako yofiira, yathunthu, phiko lili pamalo pake, fumbi likutsika m'mbali mwake, ikukwera chitunda ngati sipanachitike kanthu.

Bulelwa anasiya mkono uja. Panatsala zizindikiro za zala zinayi.

"Wafika pakona yotsatira ndi liwiro limene analiiwala," anatero Oom Barend akuseka. "Mabuleki achedwa, wapitiriza m'kamsewu kopulumukira. Zimachitika, zimachitika. Muone tsopano."

Ndipo anaonadi. Maulendo otsalawo mawu sanagwenso. Zimasa anawamvetsera onse mpaka mbendera.

Lwandiso anatuluka m'galimoto asanazimitse n'komwe bwino injini. Anavula chipewa, nkhope ili thukuta lokhalokha, mano onse pamtunda. Anamunyamula mkazi wake. Anamenya denga. Anapita kumbuyo n'kupsompsona phiko, limene linali ndi ntchentche zakufa.

"Mwaona? Ndinkanena ine! Lagwira ngati lamatidwa ndi guluu! Sisi, ulusi wanu uja mukalukire chipewa cha mwana."

"Ndamva."

"Bowo limodzi lokha! Miyezi yonseyi mukundiuza za phazi, phazi, phazi."

Zotsatira zitabwera, Deon anali woyamba, Lwandiso wachiwiri. Anakhala pabokosi la zakumwa n'kudya magwinya, mandasi a kumeneko, awiri otsatizana, munthu amene chichitikireni ngozi sankalawa kanthu tsiku la mpikisano. Zimasa anayeza mpweya wa matayala, anathira mafuta, anapukuta galasi limene linali loyera kale. Mwina zikanathera pomwepo. Oom Barend anali atamutsinzinira kale diso kawiri kuchokera kutenti kwawo.

"Tamverani mmene ndichitire," anatero Lwandiso, kukamwa kuli kodzaza. Anaika botolo la madzi pansi, pambali pake n'kuikapo sipanala. "Uyu ndi Deon, ali mkati. Uyu ndine, ndili panja. Tikunyamuka limodzi, tikufika mu Chikwakwa limodzi. Iye akuganiza kuti ndilowa kumbuyo kwake ngati mwana waulemu. Ine ndingokhala panja pomwepo, phazi pansi, n'kumuzungulira."

Zimasa anasiya kupukuta.

"Panja pali mchenga."

"Ndauona. Ndi phiko ili mchenga si kanthu."

"Palibe amadutsira panja mu Chikwakwa, Lwandiso."

"Chifukwa palibe ali ndi bowo lachisanu." Anakweza mawu kuti apite kutenti ina. "Oom! Muuzeni mwana wanu ayang'ane kumanzere, andibayibitse ndikamadutsa!"

Oom Barend sanaseke. Foloko inaima m'mwamba, soseji ikudontha mafuta pamoto. Njira ya mkati, imene matayala a magalimoto onse amaisesa, inali itamusunga Lwandiso pa bowo lachinayi. Panja, pamene mphepo imaunjika mchenga wa kuchulu, sipakanamusunga pa bowo lililonse. Ndipo kumbuyo kukamuthawa ali pamenepo, sakanapita yekha.

Bulelwa anabwera kudzaima pafupi ndi Zimasa, ngati akufuna kumuthandiza kupinda kansalu.

"Muwauza inu, kapena ndiwauze ine?"

"Ndikamuuza, phazi lija libwerera."

"Libwerere. Ndi phazi lodzuka ndimagona nalo m'nyumba."

Zimasa anapinda kansalu kaja kanayi, n'kukaika padenga.

"Lwandiso, tabwera kuno."

"Ndikudya."

"Bwera ndi chakudya chakocho."

Anabwera akunyambita zala. Zimasa analoza mwendo wa phiko.

"Werenga mabowo. Kuyambira pansi."

"Ndi mayeso?"

"Werenga ndi chala."

Anawerenga akumwetulira. Limodzi, awiri, atatu. Chala chinafika pabawuti. Pamwamba pake panali bowo lina, lopanda kanthu, kuwala kwa dzuwa kukudutsamo. Anayambiranso pansi. Anazungulira kupita mbali inayo n'kuwerenganso, pang'onopang'ono, ngati kuti kumeneko kungakhale nkhani ina.

"Mwalibwezera liti?"

"Silinachokepo."

"Ndinamva mukumasula."

"Ndinamasula. Ndinamanganso pomwepo."

Lwandiso anayang'ana mlongo wake, kenako mkazi wake. Bulelwa sanathawitse maso. Lwandiso anayang'ana kutenti ina.

"Ndi nzeru zanu izi, Oom?"

"Ine ndimangowotcha soseji, mwana wanga."

"Mwandiseweretsa ngati kamwana." Mawu ake anali otsika, ndipo Zimasa akanakonda akanakuwa. "Nonse. Ine ndikupsompsona chitsulo pamaso pa anthu, inu mukundionerera."

"Inde," anatero Zimasa.

"Ndikanagubuduzika?"

"Ndikanakhala kuti ndakugubuduza ndine. Ndazidziwa zimenezo ulendo uliwonse umene wazungulira. Koma wadutsa, Lwandiso. Pa lachinayi lomweli, ndi phazi lako lomweli..."

"Musandilalikire."



Lwandiso anawerama n'kutola sipanala ija imene inkaimira iye pansi paja. "Ndiye ikani lenileni. Pano, ndikuona."

"Ayi."

"Galimoto ndi yanga."

"Miyendo ya phiko ndi yanga, ndinadula ndine. Ukakhudza bawuti imeneyo ndimasula phiko lonse, ndikalitsekera m'pikapu, uthamange ndi buti yokha."

"Simungatero."

"Alamu, makiyi a pikapu muli nawo?"

"Ali m'thumba muno," anatero Bulelwa.

Lwandiso anaima choncho kanthawi, sipanala ili m'manja, phiko lili pakati pawo. Kenako anaika sipanala pabuti mosamala kwambiri, n'kuchoka. Anadutsa pakati pa matenti, anadutsa pamene amagulitsa zakudya, mpaka kukaima kumpanda wa waya woyang'ana kunyanja, msana uli kwa onse.

"Ukanadikira mpikisano uthe," anatero Oom Barend.

"Deon ndi mwana wanu, Oom."

"N'chifukwa chake sindinanene mokweza."

Masana anafika mochedwa. Magulu ena anathamanga, anatha. Mphepo inakula, ikuulutsa mchenga wopyapyala pamwamba pa msewu ngati utsi. Zimasa anayang'ananso mabawuti onse anayi, ngakhale kuti palibe anawakhudza. Sanadziwe munthu amene abwere kuchokera kumpanda kuja. Akanatha kubwera wa dzulo, wa phazi lodzuka pakati pa kona, tsopano ali ndi magalimoto ambiri kumbuyo kwake. Akanathanso kubwera wina woopsa kuposa ameneyo, wofuna kuonetsa mlongo wake, mkazi wake ndi bwalo lonse kuti panja angadutse popanda bowo la munthu aliyense.

Chimkuzamawu chitaitana gulu lawo, Lwandiso anabwera yekha. Anavala chipewa asanafike patenti. Analowa m'galimoto. Zimasa anawerama kuti amumange malamba monga mwa nthawi zonse, koma iye anayang'ana kumbali n'kuitana mkazi wake ndi dzanja. Bulelwa anamanga, anakoka, anakokanso, n'kumenya pamwamba pa chipewa kamodzi.

Zimasa anaimabe pawindo.

"Panja pali mchenga wambiri kuposa m'mawa."

Galasi la chipewa linatsika. Injini inalira.

Onse atatu anapitanso pakhoma. Magalimoto anazungulira kamodzi pang'onopang'ono, akupotokolapotokola kutenthetsa matayala, kenako anatulukira pakona yomaliza ali awiriawiri, yoyera mkati, yofiira panja. Nyali zoyambitsira mpikisano zinazima. Phokoso linadzaza bwalo lonse nthawi imodzi, khoma n'kunjenjemera pansi pa zigongono zawo. Yoyera ndi yofiira zinadutsa zili mbali ndi mbali, chitseko pa chitseko, ndipo zinali choncho mpaka pamene zinachepa n'kupendekera kumanja.

Zimasa anatchera khutu, ndipo m'pamene anakumbukira kuti poyambira mpikisano makutu alibe ntchito. Injini zonse zinkalira pamodzi, mawu ake atasakanikirana kukhala chiphokoso chimodzi chopanda mwini. Gulu lonse linalowa kuseri kwa chulu. Pamwamba pa chulucho panakwera fumbi lopyapyala, ndipo sakanadziwa ngati linali la mphepo kapena la matayala.

Oom Barend anali atavula chipewa chawo. Bulelwa milomo inkayenda popanda mawu. Munthu wa mbendera wa pachitunda anatulutsa manja m'thumba.

Yoyera inatulukira. Kumbuyo kwake, osati pambali, kumbuyo kwenikweni, pafupi moti pakati pawo sipakanadutsa galu, panali yofiira. Ena onse anali atatsalira.

Oom Barend anavalanso chipewa, anachivula, anachivalanso.

"Alamu," anatero Bulelwa, maso akadali pachitunda, "sabata ino kunyumba kwathu musabwere."

"Ndikudziwa."

"Ndikutumizirani uthenga akayamba kukutchulani dzina."

Phokoso linali likubweranso kuchokera kukona yomaliza. Zimasa anapukuta manja pa ovolosi yake n'kugwiranso khoma.

"Atsala maulendo angati?" anafunsa Bulelwa.

"Onse," anatero Zimasa.